William Cowper: Mlembi wa Nyimbo Amene Adakhala Mumdima

Nyimbo ija ya kasupe wa mwazi wa Yesu imayimbidwa m'mipingo yambiri, ndipo poyimba ife timaganiza kuti mwini wake adali munthu wa mtima wodzala ndi mtendere. Sizidali choncho. William Cowper adadwala nthenda ya maganizo kwa zaka zoposa 30, analibe nyumba yakeyake, ndipo pafupifupi moyo wake wonse adadalira thandizo la anthu ena.

Iye adabadwa m'chaka cha 1731 ku Berkhamsted, m'dziko la England. Atate ake adali mbusa wa mpingo wa Anglican. Amayi ake adamwalira atatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 6, ndipo posakhalitsa adatumizidwa kusukulu yogonera komweko, kumene mnyamata wina wamkulu ankamuzunza. Atakula adaphunzira za malamulo. Adafuna kukwatira msuweni wake Theodora, koma atate a mtsikanayo adakana.

M'chaka cha 1763 wachibale wina adampezera ntchito ya ukalaliki ku House of Lords. Kunkafunika kuti ayambe wafunsidwa mafunso pamaso pa akuluakulu, ndipo mantha a tsiku limenelo adamsokoneza mutu kotero kuti adayesa kangapo kudzichotsera moyo. Abale ake adamtengera ku St Albans, kunyumba yosungira odwala misala ya Dr Nathaniel Cotton, dokotala wopemphera. Kumeneko, mu Julayi 1764, adatsegula Buku Lopatulika pa Aroma 3:25, nazindikira kuti mwazi wa Khristu ndi wokwanira ngakhale pa machimo ake. Kuunika kumeneku kudakhala naye zaka zingapo.

Koma atatuluka analibe ntchito kapena kokhala. Achibale ankasonkha ndalama zoti zimthandize. Ku Huntingdon banja la Mbusa Morley Unwin lidamlandira m'nyumba mwawo m'chaka cha 1765, ndipo abusawo atafa pogwa pa kavalo mu 1767, mkazi wawo, Mayi Mary Unwin, sadamtaye. Adasamukira limodzi ku Olney, katauni ka anthu osauka, kumene kudali Mbusa John Newton, yemwe kale adali woyendetsa zombo zonyamula akapolo. Cowper ankayendera odwala ndi kutsogolera mapemphero, ndipo awiriwa adagwirizana zolemba nyimbo za misonkhano ya mapemphero. Buku lawo, Olney Hymns, lidasindikizidwa mu 1779, ndipo nyimbo zoposa 60 m'menemo ndi za Cowper.

Mu Januwale 1773 nthenda ija idabweranso. Maloto ena oopsa adamkhutiritsa kuti Mulungu wamtaya kosatha. Kuyambira pamenepo adaleka kupita kutchalitchi, ndipo ankaona kuti kupemphera nkosaloledwa kwa iye. Apa tiyenera kunena mosabisa kuti chiphunzitso chakuti Mulungu adasankhiratu ena kuti akatayike chidapatsa nthendayo mawu oyankhulira; 2 Petro 3:9 akutiphunzitsa zosiyana ndi zimenezi. Komabe sitikhulupirira kuti vesi lokha likadamchiza. Ife a ku Bembeke tikudziwa chifunga cha mwezi wa Julayi, m'mene phiri limene lili pafupi limabisikiratu. Kumuuza munthu kuti phiri lilipo ndi zoona, koma sikuchotsa chifunga m'maso mwake.

Tsono taonani zimene adachita anzake. Cowper adathawira kunyumba ya Mbusa Newton nakana kubwerera kwawo, ndipo abusawo pamodzi ndi mkazi wawo adamsunga koposa chaka chathunthu, ngakhale malipiro awo adali ochepa. Mayi Unwin adamlondera usana ndi usiku. Mapemphero amene iye sankathanso kupereka, iwo ndiwo ankapereka m'malo mwake, monga anthu anayi aja amene adanyamula wodwala manjenje pa Marko 2. Ife nthawi zambiri timafulumira kunena kuti munthu wotere walodzedwa, kapena kuti ali ndi tchimo lobisika, ndipo tikampempherera kawiri osaona kusintha timaleka kumuyendera. Abwenzi a Yobu adachita bwino masiku 7 amene adakhala chete. Adalakwa pamene adayamba kufotokoza. Tikumbukirenso kuti Cowper adakhala m'nthawi yopanda mankhwala a nthendayi. Lero alipo, ndipo kutengera mbale kuchipatala cha boma ku Dedza, kapena ngakhale ku Zomba, si kuchepa chikhulupiriro.

Pang'ono ndi pang'ono adayambanso kugwira ntchito zamanja. Ankalima dimba, ankapala matabwa, ndipo ankaweta akalulu atatu. Mayi Unwin adamlimbikitsa kulemba ndakatulo kuti maganizo ake azikhala ndi chochita, ndipo buku lake lotchedwa The Task, la mu 1785, lidamtchukitsa m'dziko lonse la England. Mu 1788 adalemba ndakatulo zotsutsa malonda a akapolo. Chodabwitsa nchakuti zonsezi adazichita akukhulupirirabe kuti iye yekha ndi wotayika. Mu 1786 msuweni wake Lady Hesketh adawathandiza kusamukira m'nyumba yabwinoko ku Weston Underwood.

Kenaka zinthu zidatembenuka. Mu 1791 ndi mu 1792 Mayi Unwin adadwala nthenda yofa ziwalo, kotero kuti kuyenda ndi kuyankhula kudayamba kuwavuta. Amene adasamalidwa zaka zonse zija ndiye adasanduka wosamala mnzake, kuwadyetsa, kuwawerengera ndi kuwagwira poyenda. Mfumu idampatsa penshoni ya mapaundi 300 pachaka mu 1794, koma pamenepo nkuti nthenda itamfooketseratu. Chaka chotsatira wachibale wachinyamata, John Johnson, adawatenga onse awiri kupita nawo ku Norfolk. Mayi Unwin adamwalira mu Disembala 1796.

Tikadakonda kulemba kuti mdima udachoka iye asanafe, koma mbiri siyitero. Ndakatulo yake yomaliza yachingerezi, ya mu 1799, ndi ya munthu amene adagwa m'chombo namira, anzake akulephera kumpulumutsa. Monga Salmo 88, ikutha popanda kuwala. Cowper adamwalira pa 25 Epulo 1800 ku East Dereham, ali ndi zaka 68, m'nyumba ya John Johnson. Adaikidwa m'tchalitchi cha St Nicholas, momwenso mudagona Mayi Unwin.