Michael Faraday: Mwana wa Wosula Zitsulo

Pa mathithi a Kapichira, m'boma la Chikwawa, madzi a mtsinje wa Shire amazunguza makina opanga magetsi. M'kati mwa makinawo muli maginito ndi waya wokulungakulunga. Amene adatulukira nzeru imeneyi ndi Michael Faraday.

Faraday adabadwa m'chaka cha 1791 pafupi ndi mzinda wa London ku Mangalande. Atate ake adali mmisiri wosula zitsulo, ndipo banja lawo lidali losauka kotero kuti mwanayo sadapite patali ndi sukulu. Atakwana zaka 14 adayamba kuphunzira ntchito yosoka ndi kumata mabuku. Mabuku obwera kudzasokedwawo iye ankayamba waaŵerenga, makamaka onena za sayansi.

M'chaka cha 1812 adakamvera maphunziro a katswiri wina dzina lake Humphry Davy. Adalemba bwino zonse zimene adamva, nazisoka kukhala buku, nalitumiza kwa Davy. Chaka chotsatira Davy adamlemba ntchito yomthandiza ku Royal Institution.

M'chaka cha 1831 Faraday adapeza kuti munthu akayendetsa maginito m'kati mwa waya wokulunga, m'wayamo mumayenda magetsi. Komabe mtima wake sudakhazikike. Iye ankakhulupirira kuti maginito ndi kuŵala n'zapachibale, koma adayesa kambirimbiri kuonetsa chibalecho osaphula kanthu. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 1845 adaika galasi lolemera, limene adalipanga yekha, pafupi ndi maginito amphamvu, nadutsitsa kuŵala m'galasimo. Maginito aja adapotokola mafunde a kuŵalako.

Faraday adamwalira m'chaka cha 1867, koma ena adapitiriza pamene iye adalekera. Iwo adafunsa kuti ngati maginito asintha kuŵala, kodi kuŵala sikungasinthenso maginito? M'chaka cha 1996 akatswiri a ku France adaonetsa kuti kung'anima kwa kuŵala kwa laser kumafooketsa mphamvu ya maginito m'chitsulo cha nickel mofulumira koposa kuphethira kwa diso. Lero ambiri akufufuza njira imeneyi kuti makompyuta azisunga zinthu mwamsanga.

Mafunso

1. Kodi Faraday adaphunzira bwanji sayansi popeza sadapite patali ndi sukulu?
2. Adatulukira chiyani m'chaka cha 1845?
3. Nanga mwambi uli m'nkhaniyi ukutiphunzitsa chiyani?