Du Chisiza, Katswiri wa Masewero

Ana inu, kodi munacitapo masanje? Pa masanje wina amakhala mayi, wina bambo, wina mwana. Wina amakhala fisi wobwera kudzaba nsima. Aliyense amayenda ndi kuyankhula monga munthu amene akumutsanzira. Kumeneko ndiye kucita sewero.

Kuno ku Cassacatiza masanje timacita tikatha kukolola. Dzuwa likalowa, onse amabwerera kwawo. Koma pali anthu ena amene kucita masewero ndi nchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Lero tiwerenga za mmodzi wa anthu otere. Dzina lake ndi Dunduzu Chisiza, koma anthu ankangomuitana kuti Du. Kwawo kunali ku Malawi, dziko loyandikana ndi cigawo cathu ca Tete, cakum'mawa.

Mwana wosaona bambo ake

Du anabadwa pa tsiku la 26 la mwezi wacitatu, m'caka ca 1963. Banja lawo linali locokera ku Karonga, kumpoto kwa Malawi, m'mbali mwa nyanja.

Bambo ake dzina lawo linali Dunduzu Chisiza. Iwo anali mmodzi wa atsogoleri amene ankamenyera ufulu wa dziko lawo. Pa nthawi imeneyo dzikolo linkachedwa Nyasaland, ndipo linkalamulidwa ndi Angerezi. M'caka ca 1962 bambowo anapezeka atafa m'galimoto lawo pa mlatho wa Thondwe, pafupi ndi Zomba. Patapita miyezi 6, mwana wawo anabadwa. Anamupatsa dzina la bambo ake. Du sanaone nkhope ya bambo ake ngakhale tsiku limodzi.

Dziko la Malawi linalandira ufulu m'caka ca 1964. Mtsogoleri wake anali Dr. Hastings Kamuzu Banda. Caka comweco nduna zina zinasemphana maganizo ndi mtsogoleriyo, ndipo zinathawa m'dzikomo. Mmodzi wa ndunazo anali Yatuta Chisiza, bambo aakulu a Du. M'caka ca 1967 a Yatuta anabwerera ndi anzawo ocepa atanyamula mfuti. Asilikali a boma anawapha m'dera la Mwanza. Dera limeneli lili kutsidya kwa malire, pafupi ndi Zóbuè. Apo n'kuti Du ali ndi zaka 4 zokha.

Motero Du anakula ndi dzina lolemera. Anthu ambiri ankaopa kuchula dzina la Chisiza mokweza.

Sewero la kusukulu

Du atakula anapita kukaphunzira mumzinda wa Blantyre, pa sukulu ya sekondale ya Henry Henderson Institute. Kumeneko ndiko anayamba kukonda masewero.

Caka ciliconse sukulu za sekondale za m'Malawi zinkapikisana pa masewero a Cingerezi. M'caka ca 1982 Du analemba sewero lake, dzina lake The Deceased's Attack. Iye mwini anaphunzitsa anzake mocitira. Sewerolo linapambana pa mpikisano wa dziko lonse. Du anali ndi zaka 19.

Kodi sewero limapangidwa bwanji? Poyamba wina amalemba nkhani. Kenaka amagawira anzake mbali zawo. Aliyense amaloweza mawu ake pamtima. Amayeserera masiku ambiri mpaka atazolowera. Pomaliza amaitana anthu kuti adzaonerere. Du ankadziwa nchito zonsezi. Ankalemba, ankatsogolera anzake, ndipo ankacitanso nawo sewero.

Ulendo wa ku America

Atamaliza sukulu, Du anapita ku America kukaphunzira luso la masewero. Anakhala mumzinda wa Philadelphia. America ali kutali kwambiri, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya mcere.

Ku America kuli anthu ambiri amene amadya thukuta lawo pocita masewero. Ena amacita m'nyumba zazikulu za masewero. Ena amaoneka m'mafilimu. Ena amaoneka pa wailesi yakanema. Ku Malawi kunalibe zotere. Anthu ankacita masewero kusukulu, pa wailesi, kapena akaweruka ku nchito zina. Wailesi yakanema kunalibe.

Koma Du sanakhalitse ku America. M'caka ca 1987 anabwerera kwawo ndi nzeru zimene anaphunzira.

Gulu la Wakhumbata

Atafika ku Malawi, Du anayambitsa gulu la masewero lochedwa Wakhumbata Ensemble Theatre. Ili linali gulu loyamba m'dzikomo limene anthu ake anatenga masewero ngati nchito yeniyeni. Mlimi amadalira khasu. Msodzi amadalira ukonde. Du ndi anzake ankadalira sewero.

Gululi linkayenda m'mizinda ya Malawi. Ku Blantyre linkacita masewero kawirikawiri pa French Cultural Centre. Anthu ankalipira pakhomo, n'kulowa kukaonerera. Ankaseka, ankaomba m'manja, ndipo nthawi zina ankangokhala cete n'kumaganiza. Masewero ambiri a Du anali m'Cingerezi.

Du analemba masewero oposa 20. Ena mwa iwo ndi Fragments, Papa's Empire, Educating Mwalimu ndi Democracy Boulevard.

Kunena zoona m'nthawi ya mantha

Masiku amenewo ku Malawi kunali cipani cimodzi cokha. Munthu wodzudzula boma ankatha kumangidwa. Kunalinso bungwe la boma loyang'anira mabuku, nyimbo ndi masewero. Wolemba sewero ankayenera kulionetsa ku bungweli lisanacitike. Bungwe likakana, sewero silinkacitika. Masewero ena a Du analetsedwa.

Nanga Du anatani? Kumbukirani nthano zimene agogo amatisimbira madzulo. M'nthano muli Mkango wankhanza ndi Kalulu wocenjera. Agogo sachula dzina la munthu aliyense. Koma akuluakulu akamva, amadziwa kuti nthanoyo ikunena za anthu. Du ankacita cimodzimodzi. Ankabisa nkhani yaikulu m'kati mwa nkhani ina. Pamene anthu anaonerera Papa's Empire m'caka ca 1990, ambiri anazindikira kuti sewerolo likunena za dziko lawo lomwe.

Imeneyi inali nchito yofuna kulimba mtima. Du ankadziwa zimene zinaonekera bambo ake aakulu. Komabe sanasiye kulemba. Zimene anthu ankanong'onezana m'nyumba, iye ankazionetsa poyera.

Du akhala nduna

M'caka ca 1993 anthu a ku Malawi anaponya voti. Ambiri anasankha kuti m'dziko mukhale zipani zambiri. Caka comweco Du analowa m'cipani ca Dr. Banda, ndipo anasankhidwa kukhala nduna yoona za acinyamata, masewera ndi cikhalidwe. Anali ndi zaka 30.

Anthu ambiri anadabwa. Ena anakhumudwa. Munthu amene ankadzudzula boma m'masewero ake tsopano anali m'kati mwa boma lomwelo. Nkhani imeneyi anthu anakambirana kwa nthawi yaitali.

Unduna wake sunakhalitse. M'caka ca 1994 kunacitika cisankho, ndipo cipani ca Dr. Banda cinagonja. Bakili Muluzi anakhala mtsogoleri wa dziko. Du anabwerera ku masewero, nchito imene ankaidziwa bwino koposa.

Imfa yake

Du anadwala, ndipo anamwalira pa tsiku la 24 la mwezi waciwiri, m'caka ca 1999. Anali ndi zaka 35. Anthu ambiri anamulira. Patangopita masabata ocepa, wailesi yakanema yoyamba ya Malawi inayamba kuulutsa zithunzi. Du sanaione.

Nchito yake sinafe naye. Mayi wina wa m'gulu lake, Gertrude Kamkwatira, anatsogolera Wakhumbata. Pambuyo pake mayiyu anayambitsa gulu lakelake, nalembanso masewero ake, mpaka pamene anamwalira m'caka ca 2006. Acinyamata ena amene anaphunzira kwa Du anapitiriza kucita masewero.

Du anabadwa wopanda bambo, m'banja limene linaona mavuto. Anayambira pa sewero la kusukulu, ali pamodzi ndi anzake. Anapita kutali kukaphunzira, nabwerera kwawo. Anaonetsa anthu kuti sewero si la kuseka kokha. Sewero lingathe kunena zoona pamene pakamwa pa anthu pali potseka.

Mawu atsopano

Sewero: nkhani imene anthu amaionetsa poyankhula ndi pocita.

Katswiri: munthu wodziwa bwino nchito yake.

Nduna: munthu wothandiza mtsogoleri kuyendetsa dziko.

Mpikisano: kuyesana kuti aone amene wacita bwino koposa.

Kuloweza: kusunga mawu pamtima osayang'ana m'buku.

Mafunso

1. Kodi Du anabadwa m'caka citi?

2. N'cifukwa ciani Du sanaone bambo ake?

3. Kodi anapita ku dziko liti kukaphunzira masewero?

4. Chulani dzina la gulu limene anayambitsa.

5. Kodi masewero a Du ankafanana bwanji ndi nthano za agogo?

6. Du anabadwa m'caka ca 1963, namwalira m'caka ca 1999. Kodi anamwalira ali mwana, wamkulu kapena nkhalamba?

Zocita kunyumba

Madzulo ano pemphani agogo, amayi kapena abambo kuti akusimbireni nthano ya Kalulu. Mvetserani bwino. Mawa itanani anzanu atatu. Wina akhale Kalulu, wina Mkango, wina Fisi, wina Kamba. Yesererani mawu ndi mayendedwe a nyama iliyonse. Kenaka onetsani sewero lanu pabwalo, akuluakulu akuonerera.

Kwa makolo: muwerengereni mwana nkhaniyi pang'onopang'ono, gawo limodzi pa tsiku. Mukatha gawo, mufunseni kuti afotokoze zimene wamva m'mawu akeake. Ana akamaonetsa sewero lawo, khalani pansi muonerere mpaka litatha. Pomaliza afunseni kuti nthanoyo ikutiphunzitsa ciani.