GUNPEI YOKOI, MMISIRI WA ZOSEWERETSA

Kutali kum'mawa, kutsidya kwa nyanja zazikulu, kuli dziko la zisumbu lochedwa Japan. Mu mzinda wa Kyoto m'dzikomo munabadwa mwana wamwamuna pa 10 September 1941, dzina lake Gunpei Yokoi. Atakula analowa sukulu yaikulu ya Doshisha mu mzinda womwewo, naphunzira za magetsi.

Mu 1965 Yokoi analembedwa nchito pa kampani ya Nintendo. Kampaniyi inayamba mu 1889, ndipo malonda ake akulu anali makadi osewerera, okhala ndi zithunzi za maluwa. Nchito ya Yokoi inali yosamalira makina opanga makadiwo ndi kuwakonza akafa. Sinali nchito yapamwamba ai, ndipo makina akamayenda bwino iye anali kukhala wopanda cocita. Koma manja ake sanakonde kungokhala. Tsono pa nthawi zotere anadzipangira mkono woseweretsa wa timizere topingasana. Munthu akapanikiza zigwiriro zake, mkonowo unali kutalika nugwira kanthu kali patali.

Tsiku lina mu 1966 mkulu wa kampani, Hiroshi Yamauchi, anauona mkonowo. Wina akadayesa kuti mnyamatayo wapalamula, pakuti anali kusewera pa nchito. Koma mkuluyo sanamcotse. Anamlamula kuti aukonze bwino kuti ugulitsidwe m'masitolo. Anaucha dzina lakuti Ultra Hand, ndipo anthu anagula mikono yoposa miliyoni imodzi. Kuyambira pamenepo Yokoi analeka kusamalira makina, nayamba nchito yolingalira zoseweretsa zatsopano.

Patapita zaka, Yokoi anali pa ulendo m'sitima ya pamtunda. M'menemo anaona munthu wina wotopa ndi ulendo alikungodinadina mabatani a kamakina kowerengera masamu kuti nthawi ipite. Pomwepo maganizo anamfikira: bwanji osapanga kamakina kotere, kolowa m'thumba la malaya, koma ka masewera? Masiku amenewo timagalasi toonetsa manambala pa timakina towerengera tinali titacuruka, ndipo mtengo wake unali utatsika. Yokoi anatenga timagalasi tomweto nationetsa tizithunzi toyenda m'malo mwa manambala. Motero mu 1980 kunaturuka Game & Watch, kamakina kamene kanali coseweretsa ndiponso koloko. Timakina timeneti tinagulidwa toposa mamiliyoni 43.

Pa kamodzi ka timakinati, ka mu 1982, gulu la Yokoi linaikapo batani looneka ngati mtanda. Ndi cala cacikulu cimodzi cokha wosewera anakhoza kuyendetsa kacithunzi kumwamba, pansi, kumanja kapena kumanzere. Kufikira lero batani lotere lipezeka pa makina ambiri a masewera a pa kanema. Yokoi anathandizanso anzake ocepera msinkhu. Iye ndiye anayang'anira Shigeru Miyamoto popanga sewero la Donkey Kong mu 1981, natsogoleranso gulu limene linapanga Metroid mu 1986.

Nchito yake yomveka koposa ndiyo Game Boy, imene inayamba kugulitsidwa mu April 1989. Galasi lake linalibe mitundu yowala, koma mdima ndi kuyera kokha. Makampani ena anaturutsa makina a zithunzi za mitundumitundu, okongola kopambana. Koma makina awowo anali okwera mtengo, ndipo anali kumaliza mabatire asanu ndi limodzi m'maola owerengeka. Game Boy inafuna mabatire anai okha, amene anali kukhalitsa, ndiponso inali yolimba m'manja mwa ana. Cifukwa cake makolo ambiri anasankha iyo. Pamodzi ndi Game Boy Color imene inatsatira, anagulitsa makina oposa mamiliyoni 118.

Yokoi anakhulupirira kuti mmisiri asathamangire zipangizo zatsopano za mtengo wapatali, koma atenge zakale, zodziwika ndi zosavuta kupeza, nazifunire nchito imene ena sanaiganizire. Nzeru yomweyi aidziwa anyamata a ku Chadiza amene amatola waya wotayidwa ndi zotsekera mabotolo napanga galimoto, kapena amene amamanga mpira ndi mapepala apulasitiki ndi zingwe.

Komatu si zonse zimene zinamyendera bwino. Mu 1995 Nintendo inaturutsa makina ake ena ochedwa Virtual Boy. Wosewera anali kusuzumira m'kati mwake naona zithunzi zofiira pa mdima, zooneka ngati zili ndi kuya. Anthu ambiri anadandaula kuti maso ndi mutu zinali kuwawa, ndipo ogula anali ocepa. Posacedwa kampani inaleka kuwapanga. Yokoi sanataye mtima. Anatsiriza Game Boy ina yocepa ndi yopepuka, imene inagulidwa kwambiri, ndipo mu August 1996 anatsazika pa Nintendo atagwirapo nchito zaka 31. Anayambitsa kampani yakeyake yochedwa Koto, nayamba kupanga makina ena a m'manja pamodzi ndi kampani ya Bandai.

Makinawo sanawaone ali m'masitolo. Pa 4 October 1997 galimoto imene anakwera inagunda lole pa msewu waukulu wa Hokuriku. Yokoi anatsika kuti aone m'mene zaonongekera, ndipo galimoto ina yodutsa inamgunda, namwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 56. Makina ake otsiriza, WonderSwan, anaturuka mu 1999, ndipo limodzi la masewera ake oyamba analicha Gunpey pomkumbukira.

MAFUNSO

1. Kodi nchito yoyamba ya Yokoi pa Nintendo inali yotani?
2. Anaona ciani m'sitima, ndipo cinampatsa maganizo otani?
3. Cifukwa ninji Game Boy inapambana makina okongola kuposa iyo?
4. Chulani zoseweretsa zitatu zimene ana a kwanu amapanga ndi zinthu zotayidwa, nimufotokoze kapangidwe ka cimodzi.