Euler ndi milatho ya ku Königsberg

Inu amene mumayenda mu msewu wa M5 mukuudziwa mlatho wa pa Chia, paja timagula chambo. Mlathowo ndi umodzi, suzunguza mutu. Koma ku Königsberg, lero Kaliningrad, kunali milatho 7 pa mtsinje wa Pregel, ndipo anthu ankafunsana ngati munthu angaioloke yonse, uliwonse kamodzi kokha.

Anawayankha ndi Leonhard Euler, wobadwira ku Basel mu 1707, yemwe anaphunzira kwa Johann Bernoulli n'kukayamba ntchito ku St Petersburg mu 1727. Mu 1736 anaonetsa kuti n'zosatheka, pongowerenga basi. Kupatula poyambira ndi pothera ulendo, dera lililonse limafuna milatho iwiriiwiri, wolowera ndi wotulukira. Koma madera onse anayi a mzindawo anali ndi wotsala: 5, 3, 3, 3. Nkhani n'kuthera pompo! Apa mpamene panaphukira graph theory, masamu a timadontho ndi mizere, amene lero amakonzera njira za magalimoto ndi intaneti.

Chondigometsa ine n'chakuti pofika 1771 maso anali atafa, koma mkuluyu ankangonena ena n'kumalemba, mpaka kumwalira mu 1783.