Alick Nkhata: dzina la msewu, mwini wake anali woimba

Ife a ku Linda tikafuna kufika ku Kalingalinga kapena ku Mtendere timakwera mabasi awiri, ndipo yachiwiri nthawi zambiri imadzera mu Alick Nkhata Road, kupitirira pa ZNBC. Dzinali timalitchula ngati la siteshoni chabe. Koma mwini wake anali munthu wa gitala, ndipo kwa ine ndiye woimba wa country woyamba amene Lusaka ingamutche wake.

A Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922. Amayi awo anali Mbemba, atate awo Mtonga. Akali mnyamata analowa usilikali, nakafika mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu amene anali kuyendayenda ndi makina kujambula nyimbo za m'midzi. Apa ndiye panali sukulu yawo yeniyeni: kukhala pansi, kumvera ng'oma ndi kalimba za mitundu yosiyanasiyana, kuphunzira mmene mawu a nyimbo amakhalira m'chilankhulo chilichonse.

Pofika m'ma 1950 anali pa wailesi ya Central African Broadcasting Service muno mu Lusaka. Inali nthawi ya Saucepan Special, kawailesi ka batire kooneka ngati poto, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo woti wantchito wamba angakwanitse. Wailesi imodzi, komboni yonse yaunjikana pakhomo. Manje ganizirani, m'malo mwa mawu a bwana mukumva munthu wanu akuimba Chibemba ndi Chinyanja.

Kaimbidwe ka ma cowboy a ku America kanali kofala pa magalamafoni masiku amenewo, ndipo anyamata ambiri anali kungotengera. A Nkhata anatengako kamenyedwe ka gitala ndi kugwirizanitsa mawu kofewa kuja, koma nkhani zake zinali zathu: chikondi, mowa, ndalama, mwamuna wa kumudzi amene tauni yamuzunguza mutu. Mverani Shalapo, Taxi Driver kapena Kalindawalo ni Mfumu, mudzaona kuti mavuto amene timakambirana mu basi lero si atsopano. Sanali kulalikira iyayi. Anali kuseka nafe, chikwapu chili kumbuyo.

Gulu lawo la anthu anayi linakula kukhala Lusaka Radio Band, imene pambuyo pake inatchedwa Big Gold Six. Dziko litalandira ufulu mu 1964 anakwera mpaka kukhala mkulu pa wailesi ya boma, ndiyeno mu 1974 anapuma ntchito nakakhala pa famu yawo ku Mkushi. Kumeneko ndiko anafera mu October 1978, pamene asilikali a Ian Smith anaukira kampu ya ZIPRA imene inali pafupi ndi famuyo. Anali ndi zaka 56.