Mphoto analandira, mpando anawamana

Lero timve za Mayi Hattie McDaniel a ku America. Anabadwa mu 1893 ku Kansas, kwa makolo amene kale anali akapolo. Anayamba n'kuyimba m'zisudzo ndi pa wailesi, kenako analowa m'mafilimu, koma kawirikawiri ankangowapatsa mbali ya wantchito wapakhomo. Mu 1940 anakhala munthu wakuda woyamba kulandira mphoto ya Oscar, chifukwa cha filimu ya Gone with the Wind. Koma taonani, usiku womwewo anawakhazika pa tebulo lapadera, kutali ndi azungu amene anasewera nawo filimuyo. Anamwalira mu 1952 ndi khansa ya m'mawere. Manda a ku Hollywood amene ankafuna kukagonako anawakana chifukwa cha khungu lawo. Mwala wowakumbukira anadzauika kumeneko mu 1999, patatha zaka 47.