Howard Finster

Howard Finster (dzina lonse William Howard Finster; 2 Disembala 1916 – 22 Okutobala 2001) anali m'busa wa mpingo wa Baptist, wojambula zithunzi komanso woimba banjo wa ku United States. Moyo wake wonse anakhala kumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono a kumpoto kwa zigawo za Alabama ndi Georgia, ndipo luso lojambula sanakaliphunzire kusukulu ina iliyonse. Anayamba kujambula zithunzi mu 1976 ali ndi zaka 59, koma pomwalira n'kuti atapanga zithunzi ndi zosema zoposa 46,000, chilichonse atachilemba nambala yake. Amadziwika kwambiri chifukwa cha Paradise Garden, munda umene anaumanga ndi zinthu zotayidwa ku Pennville, komanso chifukwa cha zithunzi za pachikuto cha zimbale za magulu oimba a R.E.M. ndi Talking Heads.

Ubwana wake

Finster anabadwira pa famu ya makolo ake ku Valley Head, m'munsi mwa phiri la Lookout Mountain, kumpoto chakum'mawa kwa Alabama. M'banja mwawo anabadwamo ana 13. Sukulu analekezera giredi 6. Iye ankafotokoza kuti masomphenya ake oyamba anawaona ali ndi zaka 3 zokha, pamene mlongo wake Abbie Rose, yemwe anali atamwalira, anamuonekera akutsika kumwamba atavala zoyera. Nkhaniyi ankaibwereza mpaka ukalamba wake, ndipo ankaiona ngati chiyambi cha zonse zimene anadzachita.

Ali ndi zaka 13 anatembenuka mtima pamsonkhano wa chitsitsimutso wa mpingo wa Baptist, ndipo pofika zaka 16 anali atayamba kulalikira. Mu 1935 anakwatira Pauline Freeman, amene anabereka naye ana asanu.

Ubusa ndi ntchito zamanja

Mu 1940 anakhala m'busa wa Rock Bridge Baptist Church, ndipo kenako anatumikira mipingo ina ing'onoing'ono ya ku Alabama ndi ku Georgia. Ankalalikiranso m'misonkhano ya m'matenti ndi kulemba nkhani zachikhristu m'nyuzipepala za m'deralo. Mipingo yakumidzi yotereyi sinkatha kudyetsa m'busa ndi banja lake, choncho Finster ankalalikira Lamlungu n'kumagwira ntchito zamanja m'kati mwa sabata. Anagwirako ntchito m'fakitale yoluka nsalu ku Trion, tauni ya m'boma la Chattooga ku Georgia kumene banjali linasamukira. Anayendetsapo kagolosale, ankapala matabwa, ankakonza mipope ya madzi, ankapanga mafelemu a zithunzi ndi mabokosi amatabwa oikamo mawotchi, ndipo pamapeto pake anakhazikika pa ntchito yokonza njinga, makina otchetchera udzu ndi mawailesi akanema. Mwiniwake ankati pa moyo wake anagwira ntchito zamanja zamitundu yoposa 20.

Mpingo umene anakhalitsako ndi Chelsea Baptist Church wa ku Menlo, Georgia, kumene anatumikira zaka pafupifupi 15. Anasiya ubusa mu 1965. Chifukwa chimene iye ankapereka n'chakuti tsiku lina pamapemphero a madzulo anafunsa akhristu ake zimene analalikira m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo anapeza kuti pafupifupi onse anali ataiwala. Kuyambira pamenepo anaganiza zoti uthenga wake aziulemba pa zinthu zooneka ndi maso, zimene munthu angaziwerenge lero n'kudzazipezanso mawa.

Paradise Garden

Munda wake woyamba anauyamba ku Trion chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Cholinga chake chinali kusonkhanitsa chitsanzo chimodzi cha chinthu chilichonse chimene munthu anapangapo. Malo atamuchepera, mu 1961 anasamukira ku Pennville, mudzi wa pakati pa Trion ndi Summerville, kumene anagula malo a dambo amene anthu ankatayako zinyalala. Anatha zaka zambiri akukumba ngalande, kuthira dothi ndi kubzala mitengo ya zipatso ndi maluwa, ntchito yambiri akuigwira ndi manja ake akaweruka kokonza njinga.

Zomangira zake zinali zimene anthu ataya. Anawaka tinjira ta simenti n'kumatamo zidutswa za magalasi, mbale zosweka, mikanda, mawotchi akufa ndi zidole. Anaunjika mafelemu a njinga zakale n'kupanga nsanja, anamanga kanyumba kokutidwa ndi magalasi oonera nkhope kunja ndi m'kati, ndipo paliponse anakhomapo zikwangwani za mavesi a m'Baibulo. Anthu a m'deralo atazolowera, anayamba kumubweretsera okha zinthu zimene sankazifunanso. Iye ankautcha mundawo Plant Farm Museum. Dzina loti Paradise Garden linafala magazini ya Esquire italemba za malowa mu 1975, ndipo ndi limene linakhala.

Mu 1982 bungwe la boma la National Endowment for the Arts linamupatsa thandizo la madola 5,000. M'zaka zomwezo anagula katchalitchi kosiyidwa koyandikana ndi mundawo n'kukasandutsa World's Folk Art Church, nyumba yansanjika zingapo zozungulira zimene zimanka zichepa kupita pamwamba. Anaimanga popanda mapulani olembedwa ndi katswiri wa zomangamanga.

Kuyamba kujambula

Nkhani ya mmene anayambira kujambula ndi imene imatchulidwa kwambiri pa moyo wake. Mu 1976 akupaka penti njinga imene ankakonza, anayang'ana chala chake n'kuona nkhope ya munthu m'dontho la pentiyo. Malinga ndi kufotokoza kwake, anamva mawu omulamula kuti azijambula zithunzi zopatulika. Iye anayankha kuti sangathe chifukwa sanaphunzire, koma mawuwo anamufunsa kuti akudziwa bwanji kuti sangathe. Anatulutsa ndalama yapepala ya dola imodzi, n'kuyamba kukopera nkhope ya George Washington pa thabwa. Pasanapite nthawi yaitali anatenga zida zake zokonzera njinga n'kuzimata mu simenti ya kanjira ka m'munda, kusonyeza kuti ntchito imeneyo waisiya. Kwa munthu wa zaka pafupifupi 60, wopanda malipiro a pamwezi, kukwirira zida zimene zinkamudyetsa sichinali chinthu chaching'ono.

Ankati Mulungu anamulamula kuti ajambule zithunzi 5,000, n'chifukwa chake chilichonse ankachilemba nambala, ndipo zambiri ankalembaponso tsiku ndi ola limene wachimaliza. Chiwerengerochi anachikwanitsa kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ya 1985 ifike, koma sanaleke.

Ankagwiritsa ntchito penti yopakira mathirakitala, imene inkapezeka mosavuta m'masitolo akumidzi ndipo sinkasuluka msanga, n'kumajambula pa mapulanga, pa magalasi, pa zikho, pa mabotolo ndi pa china chilichonse chimene penti ingagwirepo. Zithunzi zake n'zodzaza kwambiri moti malo opanda kanthu sapezeka. Mitambo ndi mapiri zimakhala ndi nkhope, angelo amauluka pakati pa nyumba zazitali za kumwamba, ndipo mipata yonse yotsala imakhala ndi mawu olembedwa ndi zilembo zazikulu: mavesi, machenjezo a nkhondo ya mabomba a nyukiliya ndi chiweruzo, ndi maganizo ake, kalembedwe ka mawu kali monga mmene iye ankawamvera. Anthu amene ankakonda kuwajambula ndi Yesu, George Washington, Abraham Lincoln, Henry Ford, Hank Williams ndi Elvis Presley, komanso iye mwini ali mnyamata. Botolo la Coca-Cola analijambula kambirimbiri. Sankaona vuto kuika Elvis kapena botolo la chakumwa pafupi ndi vesi, poti kwa iye chinthu chodziwika chinali nyambo yokokera munthu kuti awerenge uthengawo. Zithunzizo ankazitcha maulaliki a penti, ndipo iye ankadzitcha munthu wa masomphenya komanso mlendo wochokera kudziko lina.

Banjo ndi nyimbo

Banjo ndi choimbira chimene chinayamba ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo pa nthawi ya ubwana wa Finster chinali chitazika mizu m'makomo a alimi a kumapiri a kum'mwera kwa United States. Finster ankaimba nyimbo zauzimu zakale, nyimbo zovina za kwawoko, ndi zina zopeka yekha. Banjo sinali gwero lalikulu la ndalama zake monga zinalili zithunzi, koma inali mbali ya mmene ankalandirira anthu. Alendo obwera kumunda ankamupeza atakhala pansi, akulalikira, akusimba za masomphenya, kenako n'kunyamula banjo, ndipo ambiri ankachoka atagula chithunzi. Akaitanidwa kukayankhula kumayunivesite ndi kuzionetsero, nkhani zake ankazisakanizanso ndi nyimbo.

Mu 1983 anaonekera pa pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya The Tonight Show, imene ankachititsa Johnny Carson, ndipo anaimbako banjo pamaso pa anthu a m'dziko lonselo. Art Rosenbaum, mphunzitsi wa zojambula pa University of Georgia yemwenso anali katswiri wa banjo, anajambula mawu ake akuimba ndi kulankhula. Nyimbo ndi zolankhula zake zinatulutsidwa pa mutu wakuti Man of Many Voices. Kuimba kwake kumamvekanso m'gawo loyamba la Art of Field Recording, nyimbo zimene Rosenbaum anasonkhanitsa, lomwe linatuluka mu 2007 ndipo pambuyo pake linapata mphoto ya Grammy.

Kutchuka ndi msika

Zithunzi zake zinaonetsedwa koyamba kwa anthu ambiri mu 1976 pa chionetsero cha luso la anthu wamba a ku Georgia chotchedwa Missing Pieces, ndipo posakhalitsa Library of Congress inamupempha kuti aijambulire zithunzi. Mu 1979 Phyllis Kind Gallery ya ku Chicago inachititsa chionetsero cha zithunzi zake zokha, ndipo kuyambira pamenepo zinayamba kugulidwa ndi anthu a m'mizinda ikuluikulu. Mu 1984 zina zinaonetsedwa ku Venice Biennale ku Italy.

Amene anamufikitsa kwa achinyamata anali oimba. Gulu la R.E.M. la ku Athens, Georgia, linajambulira vidiyo ya nyimbo yawo ya Radio Free Europe m'munda mwake mu 1983, ndipo chikuto cha chimbale chawo cha Reckoning cha 1984 anachijambula pamodzi ndi woimba wa gululo, Michael Stipe. Mu 1985 anajambula chikuto cha Little Creatures cha Talking Heads, chimene magazini ya Rolling Stone inachisankha kukhala chikuto chopambana cha chakacho. Akhristu ena ankadabwa kuti mlaliki wa Baptist akugwirizana bwanji ndi oimba nyimbo za rock. Yankho lake linali la masamu: pachikutocho anaikapo mavesi 26, chimbalecho chinagulidwa makope oposa miliyoni imodzi, choncho mavesi 26 miliyoni analowa m'nyumba za anthu, chiwerengero chimene sakanachifikira ali paguwa.

Kutchukaku kunasintha kagwiridwe kake ka ntchito. Ofuna zithunzi anachuluka kuposa zimene munthu mmodzi angajambule mosamala, ndipo iye sankafuna kubweza munthu chimanjamanja. Ankagwira ntchito usiku wonse, kugona pang'ono chabe. Achibale ake anayamba kumuchekera matabwa m'maonekedwe a angelo, nyama, magalimoto ndi mabotolo n'kuwapaka penti yoyamba, iye n'kumalizitsa nkhope ndi mawu, nthawi zambiri ndi zolembera za penti m'malo mwa bulashi. Motero kujambula kunasanduka ntchito ya banja lonse, ndipo ena mwa ana ndi adzukulu ake anayamba kujambula ndi kugulitsa zawo. Manambala amasonyeza kusinthaku poyera: zithunzi 5,000 zoyamba zinamutengera zaka pafupifupi 10, pamene zoposa 41,000 zotsatira anazipanga m'zaka 16.

Akatswiri ambiri a zaluso amaona kuti ntchito yake yabwino koposa ndi ya zaka zoyambirira, ndipo zithunzi za nthawi imeneyo ndi zimene zimagulidwa pa mtengo wokwera. Zambiri za m'zaka zomaliza n'zobwerezabwereza, ndipo kudandaula kwawo pa mfundo imeneyi kuli ndi maziko. Komabe muyeso wa Finster unali wina. Iye ankawerengera kuchuluka kwa anthu amene uthenga wawafikira, ndipo pa muyeso umenewo kathabwa kotchipa kamene wophunzira wa kukoleji angakwanitse kugula kankagwira ntchito yofanana ndi chithunzi chachikulu chopachikidwa m'nyumba ya munthu wolemera.

Mu 1989 munatuluka mabuku awiri onena za moyo wake, lina lolembedwa ndi J. F. Turner, lina lochokera m'zimene iye mwini anafotokozera Tom Patterson. Pa masewera a Olympics a 1996 ku Atlanta, kampani ya Coca-Cola inamupempha kuti akongoletse botolo lalitali mamita pafupifupi awiri ndi theka, loimira United States pa chionetsero cha mabotolo ochokera m'mayiko osiyanasiyana.

Zaka zomaliza ndi imfa

Mu 1991 Finster ndi mkazi wake anachoka ku Pennville n'kukakhala ku Summerville, ngakhale ankabwerabe kumundako kudzacheza ndi alendo. Munda womangidwa padambo ndi matabwa, malata ndi simenti umafuna kukonzedwa tsiku ndi tsiku, ndipo mwini wake atachoka unayamba kuwonongeka. Zinthu zina zinagulitsidwa kwa anthu osonkhanitsa zaluso. Mu 1994 High Museum of Art ya ku Atlanta inatenga zidutswa zikuluzikulu za mundawo, kuphatikizapo zigawo za tinjira ta simenti, n'kuziika m'chipinda chake chokhazikika. Zithunzi zake zina zikusungidwa ku Smithsonian American Art Museum ku Washington.

Finster anapitiriza kujambula mpaka chaka chimene anamwalira, ndipo nambala yake yomaliza inali 46,991. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 22 Okutobala 2001 m'chipatala ku Rome, Georgia, ali ndi zaka 84.

Atamwalira, madzi ndi tchire zinapitiriza kuwononga Paradise Garden kwa zaka pafupifupi 10. Mu 2011 boma la Chattooga linagula malowo n'kuwapereka m'manja mwa bungwe la Paradise Garden Foundation kuti liwakonze ndi kuwayang'anira, ndipo mu 2012 analembedwa m'kaundula wa malo a mbiri ya dziko wa National Register of Historic Places. Mundawu ndi wotsegulidwa kwa alendo, ndipo chaka chilichonse kumachitika chikondwerero cha zojambula ndi nyimbo chotchedwa Finster Fest.